Juzi ya pa kaunjika yolembedwa Quebec Aces, ndani akuidziwa timu imeneyi?

Wakabaza wa pa Mlatho:

Odi muno abale anga. Ine ntchito yanga ndi ya kabaza kuno ku Mangochi, ndimaima chakufupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi. Mwera wa chaka chino wabwera ndi ukali, ndipo ine ndimadzuka 4 koloko kukanyamula amayi ogula nsomba. Ukamawoloka Shire nthawi imeneyo mphepo imachita kukuluma m'makutu, ndiye Loweruka lapitali ndinati ndikadzipezere chofunda pa kaunjika. Ndinapeza mayi wina atangomasula belo kumene. Ndinatolapo juzi yobiriwira, yaikulu moti mungalowemo anthu awiri, manja ake ofika mpaka ku zala. Kutsogolo kwalembedwa Quebec Aces, kumsana kuli dzina loti Béliveau ndi nambala 9. Mayiyo anayambira K9,000, tinanenerera mpaka ndinalipira K6,500.

Dzulo ndinanyamula mzungu wina wachikulire kuchokera pa chipilala cha wotchi kupita kudepoti. Atangoona kumsana kwanga anakuwa ngati wapeza m'bale wake wosowa. Anandiimitsa, kundijambula, kenako kuyamba Chizungu chothamanga chomwe ine ndinangotolapo zinthu ziwiri: kuti ndi za hockey, komanso kuti timuyo inafa kalekale. Anatulutsa K20,000 kuti ndimugulitse. Ndinakana, chifukwa mtima unandiuza kuti munthu sangalipire katatu pa chinthu chachabe. Mayi a kunyumba nditawafotokozera sanandiyankhe, anangondipatsa nsima n'kutuluka.

Ndiye ndikufunsa: timu imeneyi inali ya kuti, inafa bwanji, ndipo juziyi ndi chuma kapena ndangotaya K20,000?

Mnyamata wa ku Makawa:

Achimwene, Aces ndi makadi aja timasewera pansi pa mtengo wa mango. Mwavala yunifolomu ya anthu a juga. Mzunguyo akadali pafupi muthamangireni.

Mlongo wa ku Malindi:

Achimwene a pa mlatho, mwandiseketsa ndili ndekhandekha m'chipinda. Ine kwathu ndi ku Malindi, koma chino ndi chaka chachisanu ndi chimodzi ndili mumzinda wa Québec ku Canada, kwawo kwenikweni kwa timu mwavalayo. Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo kuno ukafuna kuti agogo asiye kudandaula za msana, ungowatchulira Béliveau. Pali agogo ena aamuna, zaka zawo zayandikira 90, amene ndimawameta ndevu Lachiwiri lililonse. Zambiri zomwe ndilembe pano ndinazimva lumo lili m'manja, zina ndinachita kukawerenga ndekha nditaona kuti nkhaniyo siikutha.

Poyamba masewerowo, chifukwa si hockey ya pa udzu ija ena amasewera ku Blantyre. Bwalo lake ndi ayisi, ayisi weniweni ngati uja amathira pa chambo chopita ku Limbe, koma woyalidwa pansi mamita 61 m'litali ndi 26 m'lifupi, wotchingidwa ndi matabwa kuzungulira. Nsapato zawo zili ndi chitsulo ngati mpeni kunsi, ndiye sathamanga, amatsetsereka. M'malo mwa mpira amamenya kamphira kakuda kolimba, kukula kwake ngati kachitini ka polishi ya nsapato, ndipo amayamba akaumitsa mufiriji kuti kasamadumphedumphe. Mbali iliyonse imakhala ndi anthu 6 kuphatikizapo goloboyi, masewero amagawidwa patatu, mphindi 20 chigawo chilichonse. Ukachita zaupandu oyimbira amakutumiza m'kachipinda kwa mphindi 2, anzako n'kumavutika ali operewera. Juzi yanuyo ndi yaikulu chifukwa mkati amavala zotchinjiriza mapewa ndi zigongono, pajatu amagundana ngati nkhosa zamphongo.

Tsono a ku Makawa sananame kwenikweni, dzinalo limamveka ngati makadi, ndipo m'Chifalansa chomwe amalankhula kuno amati As de Québec. Koma chiyambi chake ndi fakitale. Mu 1928 kampani yopanga mapepala ya Anglo-Canadian Pulp and Paper Mills, yomwe fakitale yake inali m'dera la Limoilou, inayambitsa timu ya antchito ake. Anatenga zilembo zoyamba za mawu oti Anglo-Canadian Employees, n'kuwonjezera s kumapeto, basi Aces yabadwa. Inkasewera m'maligi omwe ankawatcha a senior, kutanthauza a akuluakulu amene pa pepala ankati amangosewera mwa chikondi, osalipidwa. Pa pepala pokhatu. Mu 1944 inatenga Allan Cup, chikho chachikulu cha matimu oterewa m'Canada monse, itagonjetsa Port Arthur Shipbuilders. Mwaona dzinalo, nawonso anali anthu okhoma sitima.

Dzina lili kumsana kwanulo ndi la Jean Béliveau. Anabwera ku Québec mu 1949 ali mnyamata kudzasewera mu timu ya achinyamata ya Citadelles, chaka chomwecho bwalo lakale litapsa ndi moto n'kumangidwa latsopano, Colisée, lokwana anthu pafupifupi 10,000. Mnyamatayo ankalidzaza, mpaka anthu anayamba kunena kuti bwalolo analimanga ndi iyeyo. Mu 1951 analowa mu Aces, mphunzitsi wake ali Punch Imlach, yemwe pambuyo pake anakatenga Stanley Cup, chikho chachikulu kuposa zonse m'masewerowa, kanayi ndi Toronto Maple Leafs. Chaka choyamba Béliveau anamwetsa zigoli 45, timu n'kutenga Alexander Cup mu 1952. Chaka chachiwiri zigoli 50.

Apa ndi pamene agogo anga aja amandigwira dzanja kuti ndiyambe ndasiya kumeta. Montreal Canadiens, timu yaikulu ya mu NHL, ligi yapamwamba kuposa onse, inkamufuna mnyamatayu usiku ndi usana. Anali atasaina kale pepala loti tsiku lomwe adzayambe kusewera ngati ntchito yolipidwa, adzasewerera Montreal basi. Koma iye sankafuna kuchoka. Achokerenji? Ku Québec, mu ligi ya "osalipidwa" ija, ankalandira madola pafupifupi 20,000 pa chaka, kuposa osewera ambiri a mu NHL momwemo, ndipo mzinda wonse unkamutenga ngati mwana wa mfumu. Montreal itumize anthu, iye akane mwaulemu. Itumizenso, akanenso. Mapeto ake mu 1953 ligi yonse ya senior ya ku Québec inasandulika ya olipidwa, ndipo nkhani yomwe aliyense amafotokoza kuno ndi yoti a Montreal anachita kugula ligi yonseyo kuti apeze munthu mmodzi. Tangoganizani, wina akanika kugula chambo chimodzi, ndiye agula doko lonse ndi mabwato omwe. Mu Okutobala 1953 Béliveau anasaina zaka 5 pa madola 105,000, n'kusiya nambala 9 mwavalayo, n'kuvala 4. Ku Montreal anatenga Stanley Cup ka 10 ngati wosewera. Anamwalira mu 2014.

Aces inapitirira popanda iye. Mu 1957 inatenga Edinburgh Trophy. Mu 1959 inalowa mu American Hockey League, ligi yachiwiri pansi pa NHL, ndipo kuyambira pamenepo inakhala ngati nazale ya matimu aakulu: wosewera akayamba kuwala amamutenga, wina akakalamba kapena akalakwira mabwana kumtunda amamutsitsira kuno. Akatswiri ngati Doug Harvey ndi goloboyi Gump Worsley anadutsamo motero. Inafika mu fainolo ya Calder Cup, chikho cha ligi imeneyo, katatu, 1964, 1968 ndi 1969, katatu konseko n'kubwerako chimanjamanja. Mu 1967 inagulidwa ndi Philadelphia Flyers ya ku America, eni ake n'kukhala anthu akutali.

Tsiku lina ndinawafunsa agogowo kuti nanga anaipha timuyi ndani. Ndinkayembekeza kuti atukwana a ku America. Anakhala chete, thovu la sopo lili m'masaya, kenako anati: ndife, tinapita kukaonera mwana. Mwanayo ndi Guy Lafleur. Kuyambira 1969 m'bwalo lomwelo la Colisée munkaseweranso timu ya achinyamata ya Remparts, ndipo Lafleur m'chaka cha 1970 mpaka 1971 anamwetsa zigoli 130, timu yake n'kutenga Memorial Cup. Anthu ankadzaza bwalo tsiku la anyamata, tsiku la Aces mipando n'kumangoyang'anana. Mu 1971 eni ake anainyamula timu kupita nayo ku Richmond, m'chigawo cha Virginia ku America, n'kuitcha Richmond Robins. Kumeneko inakhala zaka 5 zokha, mu 1976 inatheratu.

Za mtengo wa juzi ndisakunamizeni. M'zaka za Béliveau majuzi anali aubweya, olemera, ndipo kumsana sankalembako dzina, nambala yokha. Yanuyo poti ili ndi dzina, ndi yosokedwa posachedwa, ya anthu ofuna kukumbukira zakale. Kuno zilipo m'masitolo.

Mayi wa belo kumsika:

Ndinadziwa kuti nkhani ithera pomwepo. Bambo a kabaza, tembenuzani juziyo muone kachikwangwani ka pakhosi kapena m'mbali. Mukapeza polyester, dziwani kuti ndi ya dzana. Ubweya weniweni umayabwa pakhungu, ukauviika m'madzi umalemera ngati mwana, ndipo wa zaka 70 sungafike kuno njenjete zisanaulawe. Ine ndagulitsa kaunjika zaka 14. Majuzi akuluakulu a masewerowa amabwera kawirikawiri m'mabelo a ku Canada, ndipo amene amawalimbirana ndi asodzi a usipa, chifukwa amalowa pamwamba pa jekete ndipo akanyowa sachedwa kuuma. K6,500 munagula bwino. K20,000 munakana molakwa. Akunyumba aja kukhala chete kuja anakulemekezani.

Mphunzitsi wopuma, Namwera:

Mwana wanga wa ku Malindi, walemba bwino, ndawerenga kawiri. Chimene chandigwira mtima ine si ayisiyo ayi, koma fakitale. Ife amene tinakula tikumvera mpira pa wailesi tikudziwa bwino matimu a makampani. Tinali ndi Bata Bullets, Yamaha Wanderers yomwe inadzakhala Limbe Leaf Wanderers, Admarc Tigers, Hardware Stars, MDC United. Ena mwa amenewa mayina a makampani anagwa ngati masamba koma timu ilipobe mpaka lero, chifukwa inali italowa kale m'magazi a anthu. Ena kampani itangochotsa dzanja, timu inagona pomwepo, ndipo mwana wa lero ukamutchulira Hardware Stars aganiza kuti ukumutuma misomali.

Koma pali chimodzi chomwe mutu wanga ukukana. Ukuti anainyamula timu kupita nayo dziko lina? Timu amanyamula ngati katundu wa pa lole? Kuno munthu atati wagula Bullets ndipo kuyambira mawa izisewerera ku Lusaka ndi dzina lina, sindikhulupirira kuti angatuluke mu Blantyre ndi galimoto yake ili ndi magalasi. Agogo akowo ndi anzawo anangoyang'ana?

Funso lachiwiri ndi la mdzukulu wanga amene akundigwirira foniyi. Akuti pa TV sanaonepo munthu wakuda akusewera zimenezi. Alipo?

Mlongo wa ku Malindi:

Aphunzitsi, zikomo, ndipo pepani ndachedwa kuyankha, kuno kunali usiku.

Zonyamula timu n'zoona, ndipo kuno sizachilendo. Timu ndi bizinesi ya mwini wake, ali ndi chilolezo cha ligi, akaona kuti pakhomo sipakulowa ndalama amakasaka mzinda wina. Za Aces anthu sanalire kwambiri chifukwa maso anali kwa Lafleur, ndipo chaka chotsatira, 1972, kunabwera timu yatsopano ya Nordiques m'bwalo lomwelo, yomwe mu 1979 inalowa mu NHL. Bala lenileni linadza mu 1995, pamene Nordiques nayonso inanyamulidwa kupita ku Denver n'kukhala Colorado Avalanche. Chaka chotsatira chomwecho, 1996, inatenga Stanley Cup, chikho chomwe ku Québec inali isanachigwirepo. Zili ngati mkazi amene mwavutika naye zaka zonse za njala, wakwatiwa kwina, n'kukolola ngolo khumi chaka choyamba. Imeneyo musaitchule pometa munthu ndevu, ndinaphunzira. Mu 2015 anatsegula bwalo lina lalikulu pafupi ndi Colisée, koma timu ya NHL sinabwererebe.

Tsono funso la mdzukulu wanu ndi limene ndimafuna wina afunse, chifukwa kwa ine nkhani ya Aces yagona pamenepo. Alipo, ndipo awiri amene mbiri yawo imatchulidwa kwambiri onse anavalapo juzi ya timu imeneyi.

Woyamba ndi Herb Carnegie, wobadwira ku Toronto mu 1919, makolo ake ochokera ku Jamaica. Asanabwere ku Québec ankasewera ku Sherbrooke, kutsogolo ali atatu akuda okhaokha: iyeyo, mchimwene wake Ossie, ndi Manny McIntyre. Anasankhidwa katatu kukhala wosewera wopambana. Mu 1948 New York Rangers inamuitana kukamuyesa, koma m'malo momutenga mu timu yaikulu inamupatsa malo mu timu yawo yaing'ono, pa ndalama zochepa kuposa zomwe ankalandira kale. Munthu wa banja, zaka zikuyandikira 30, anakana n'kubwerera. Kuyambira 1949 mpaka 1953 anasewera mu Aces, zaka ziwiri zomalizazo ali limodzi ndi Béliveau, ndipo Béliveau mwini wake ankanena poyera kuti ali mnyamata ankayesa kutengera kaseweredwe ka Carnegie. Ndiye onani mmene zinathera. Wophunzira anamugulira ligi yonse. Amene ankamuonerayo sanaponde mu NHL ngakhale tsiku limodzi. Atasiya kusewera anatsegula sukulu yophunzitsa ana hockey mu 1955, n'kuitcha Future Aces. Anamwalira mu 2012, ndipo m'nyumba yolemekezera akatswiri, Hockey Hall of Fame, anamulowetsa mu 2022, patapita zaka 10 ali m'manda. Ena amati akanavomera timu yaing'ono ija mwina akanakwera. Ine amenewo ndimawafunsa ngati iwo angavomere kudulidwa malipiro kuti akatsimikizire anthu zomwe aliyense akuziona kale.

Wachiwiri ndi Willie O'Ree, wa ku Fredericton, wobadwa mu 1935. Ameneyu ali mu timu ya achinyamata kamphira kaja kanamumenya kumaso, diso lakumanja n'kufa. Kumbukirani kuti nthawi imeneyo ankasewera mitu ili pamtunda, opanda chipewa cholimba. Dokotala anamuuza kuti za hockey aiwale. Iye anabisa, anauza mlongo wake, n'kupita kukayesedwa ku Aces mu 1956 ngati munthu wa maso awiri. Imlach anamutenga. Anali m'gulu lomwe linatenga chikho cha 1957 chija. Ndiye pa 18 Januwale 1958 Boston Bruins inasowa munthu, inamuitana kuchokera ku Aces, ndipo usiku umenewo ku Montreal anakhala munthu wakuda woyamba kusewera mu NHL. Boston inapambana 3 kwa 0, ndipo mbali inayo kunali timu ya Béliveau. Anasewera masewero awiri okha n'kubwezedwa ku Québec. Anadzabwereranso ku Boston m'chaka cha 1960 mpaka 1961, onse pamodzi masewero 45, zigoli 4, akutukwanidwa m'mabwalo ena chifukwa cha khungu, ndipo akuona ndi diso limodzi. M'maligi aang'ono anasewera mpaka 1979, ali ndi zaka 43. Iyeyu mwayi wake ulemu anaulandira ali moyo: Hall of Fame mu 2018, ndipo mu 2022 Boston inapachika nambala yake 22 kuti wina asadzaivalenso.

Chaka changa choyamba kuno anzanga a kuntchito ananditengera pa ayisi wa panja mu Januwale, kuzizira kutapitirira madigiri 20 pansi pa ziro. Ine mwana wa kunyanja, wosambira ndisanayambe sukulu, ndinaima pa mipeni ija masekondi osakwana 5, kenako ndinaona nyenyezi masana. Chigongono chinatupa sabata yathunthu. Kuyambira tsiku limenelo ndikamva za munthu wothamanga pamenepo ndi diso limodzi, anthu akumugunda dala, sindiyankha msanga.

Ine ndikanapeza juzi ya Aces pa kaunjika ndikanakonda kumsana kukhale Carnegie. Sindinaionepo ngakhale kuno.

Wakabaza wa pa Mlatho:

Zikomo nonse, makamaka achemwali a ku Malindi, mwatitsegula m'maso. Aphunzitsi, ine Hardware Stars ndinaimvera kwa malume anga. Amayi a belo, ndatembenuza, ndapeza polyester yanuyo, musandisekenso. Mzungu uja ndamufunsa kudepoti, akuti anakwera ya ku Monkey Bay dzulo lomwelo.

Juziyo pano ilibenso mtengo, chifukwa mng'ono wanga anaibwereka usiku kupita nayo ku usipa osandiuza, yabwera ikununkha moti amphaka akunditsatira. Mayi a kunyumba aichapa kawiri, ili pa chingwe. Mawa 4 koloko ndivala.

Chotsala n'chimodzi achemwali. Anzanga a pa siteji ayamba kundiitana Che Belivayu, ena Che Belevawo. Dzinali amatchula bwanji eni ake, kuti ndiwakonze lisanakhazikike?

Mlongo wa ku Malindi:

Amati Belivo, achimwene, zilembo zitatu zakumapetozo zimangomveka o. Lachiwiri ndikawaonetsa agogo aja zomwe mwalembazi. Tumizani chithunzi muli pa njinga, mlatho uoneke kumbuyo, apo ayi sakandikhulupirira.